Ana Anga, Maina a Agogo Anu Akupita ndi Madzi

Ana anga a ku Chikwawa ndi ku Nsanje, khalani pansi mundimvere. Ndikunena inu amene muli pasukulu ku Ngabu, ku Bangula ndi ku Muona, inu a kabaza pa Nchalo, inu odula nzimbe, inu oolotsa anthu pa Mtayamoyo, ndi inu amene munakwera phiri pa Thabwa n'kukakhazikika ku Blantyre. Mtima wanga suli m'malo. Pali chuma chikukupulumukani m'manja, ndipo simukuchiona chifukwa chimachoka mwakachetechete. Ndikunena maina a anthu amene anakubalani, pamodzi ndi timapepala tochepa tochitira umboni kuti anthuwo anakhalapo, anamenya nkhondo, anasenza mitolo, anathawa, ndipo analandira anzawo othawa.

Ndiyankheni. Agogo awo a mayi anu anali yani? Anabadwira konkuno, kapena anaoloka kuchokera ku Mutarara, ku Morrumbala kapena ku Sena? Anabwera liti, akuthawa chiyani? Ambiri mwa inu mumatchula osewera mpira a ku England mmodzimmodzi osapumira, koma mukafika pa mbadwo wachitatu wa m'nyumba mwanu mumangokanda m'mutu. Musakwiye, ndikukudzudzulani chifukwa ndinu anga. Funsani, poti safunsa anadya phula.

Musamavomere akamakuuzani kuti chigwa chathu ndi dzuwa, udzudzu ndi madzi osefukira basi. Azungu, mishoni ndi boma la atsamunda zinalowera pano. Sitima ya David Livingstone inakwera Shire mu 1859 n'kuima kwa Chibisa, pafupi ndi pamene pali boma la Chikwawa lero. Bishopu Charles Mackenzie anamwalira pa 31 Januwale 1862 pamene Ruo amathira mu Shire, ndipo manda ake ali kufupi ndi Chiromo. M'zaka zomwezo chilala ndi nkhondo za ogwira akapolo, monga Paul Mariano amene makolo ankamutcha Matekenya, zinapulula Amang'anja mpaka mitembo kumayandama mu Shire. Amagololo amene anatsala Livingstone atapita, a Kasisi, a Chipatula, a Mlauli, a Maseya ndi a Katunga, anatenga ufumu ndi mfuti, ndipo nyumba zaufumu za Lundu ndi Tengani zinaona zakuda. Mu 1884 mzungu wamalonda George Fenwick anawombera Chipatula, nayenso anaphedwa, sitima ya Lady Nyassa n'kumizidwa. Mu Novembala 1889 ankhondo a Mlauli anakumana ndi gulu la Mpwitikizi Serpa Pinto kumunsi kwa Chiromo, ndipo ambiri anagwa ndi mfuti zolavula zipolopolo. Mkanganowo unakafika m'maofesi a ku London ndi ku Lisbon. Pa 11 Januwale 1890 Angelezi analamula Apwitikizi kuti abwerere m'mbuyo, ndipo pangano la 1891 linaika malire pa Ruo ndi pa Shire. Mukamaoloka pa Marka kukaona azakhali anu tsidya lija, dziwani kuti mzere umenewo unalembedwa anthu a kuno atakhetsa magazi.

Tsono mvetsetsani apa, chifukwa mpamene pagona nkhani yanga yonse. Dzina la Serpa Pinto lili m'mabuku. La Fenwick lilimo. Nanga anyamata a Mlauli amene anagwa tsiku limenelo anali yani? Anali ana a yani, a mudzi uti? Wolemba anangowerenga mitembo n'kutseka buku. Mapepala a boma ndi mmene ankachitira nafe: ankatiwerenga mitu, osatitchula maina. Maina anatsalira m'midzi, ndipo amene angawatole ndi inu nokha.

Taonani nkhondo ya 1914 mpaka 1918, imene agogo ankaitcha ya Chiwaya. Siinamenyedwe m'chigwa muno, koma inadutsa pakhomo pathu. Njanji yochokera ku Chindio pa Zambezi inalumikizana ndi Port Herald, komwe ndi ku Nsanje, mu 1915, ndipo zipolopolo, zakudya ndi asilikali opita kumpoto zinkadutsa pa Chiromo kukwera ku Limbe. Kumene sitima inkalekezera, katundu ankakwera pamutu pa munthu. Amuna a Nyasaland pafupifupi 200,000 anagwira ntchito ya utengatenga, ndipo ena pafupifupi 19,000 anavala yunifolomu ya keyala, gulu la King's African Rifles limene linakhazikitsidwa mu 1902. Mtengatenga sankafunsidwa ngati akufuna. Amesenjala a boma ankafika ndi usiku, nyakwawa n'kulamulidwa kupereka amuna, ndipo mwamuna akabisala ankagwira mkazi wake kuti atuluke. Ankasenza mtolo wa makilogalamu pafupifupi 25 m'matope a ku Tanganyika ndi ku Mozambique, m'mimba muli pululu, ndipo kamwazi, chibayo ndi malungo zinapha ambiri kuposa chipolopolo. Amene anabwerako anadzapezana ndi chimfine cha 1918.

Ku Zomba, pafupi ndi Cobbe Barracks, kuli nsanja yanjerwa yolembedwa maina a asilikali a keyala oposa 1,000 amene anafa pankhondoyo. Mukadzafikako, imani muwerenge, mwina mudzamva dzina la kwanu. Koma atengatenga simudzawapezapo. Mu 2021 bungwe losamalira manda a ankhondo la Commonwealth War Graves Commission linavomera poyera kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso kufika 350,000, ambiri mwa iwo Aafirika, sanakumbukiridwe ndi maina awo monga anachitira ndi azungu. Ngati kholo lanu linapita ndi mtolo osabwerera, palibe mwala umene ukusunga dzina lake. Dzinalo lili m'mutu mwa gogo mmodzi wa m'mudzi mwanu amene analimva kwa agogo ake. Thamangirani kumeneko, chifukwa gogoyo sadikira kuti mumalize mayeso.

Inu ana a Chisena, nkhondo yomweyo ili ndi mbali yanu. Mu 1917 anthu a ku Barue, motsogozedwa ndi a banja la Makombe, anaukira Apwitikizi chifukwa cha chibalo ndi kugwidwa utengatenga. Kuukirako kutathyoledwa, anthu zikwizikwi anaoloka malire, ena kulowera ku Rhodesia, ena kubwera kuno. Mabanja ena anafika kale zisanachitike izi, ena anafika pambuyo pothawa msonkho ndi chikwapu. Dziwani kuti lanu linafika ndi gulu liti, ndi nyakwawa iti imene inalipatsa malo. Mwana wodziwa amene analandira makolo ake sanyoza mudzi umenewo.

Nkhondo ya Hitler, ya 1939 mpaka 1945, ndiyo inasiya mapepala m'nyumba zathu. Anyamata a Nyasaland pafupifupi 30,000 analowa usilikali. Anamenyana ndi Ataliyana ku Somalia ndi ku Ethiopia mu 1941, anapita ku Madagascar mu 1942, ndipo mu 1944 analowa m'nkhalango za ku Burma, m'chigwa cha Kabaw, kumenyana ndi Ajapani mvula ikugwa usana ndi usiku. Ena anadzapitanso ku Malaya m'zaka za m'ma 1950. Asilikali amenewo pafupifupi onse anagona tsopano. Chimene chatsala ndi bokosi lachitsulo lili kuseri kwa chitseko, limene mumakhalira pomenya bawo. Pemphani chilolezo kwa mwini nyumba mulitsegule. Mukapezamo kabuku ka usilikali kapena kalata yotulukira ntchito, gwirani ndi manja ouma. Funani nambala ya msilikaliyo, muilembe pena pomwepo. Nambala za anyamata ambiri a Nyasaland pankhondo imeneyi zinkayamba ndi zilembo DN. Musadalire dzina lokha, chifukwa kalaliki ankalemba dzina mmene walimvera, nthawi zambiri limodzi lokha, ndipo anyamata ena a tsidya ankatchula mudzi wa kuno kuti awalembe. Nambala siinkasintha. Ndi nambala imeneyo mukhoza kufufuza pa intaneti m'kaundula wa Commonwealth War Graves Commission, ndipo ngati munthuyo anafera ku Burma manda ake osadziwika, dzina lake likhoza kupezeka pachipilala cha ku Taukkyan, pafupi ndi Yangon. Taganizani mayi amene anamwalira akuyang'anabe kunjira, kuyembekezera mwana wake. Inu mukhoza kupeza pa foni yankho limene iye anafa asanalimve.

Mukapeza mendulo, yang'anani m'mphepete mwake. Za nkhondo ya Chiwaya zinkadindidwa dzina, nambala ndi gulu la mwini wake. Za nkhondo ya Hitler, monga nyenyezi ya Africa ndi ya Burma, zambiri zinaperekedwa zopanda dzina, choncho musazilekanitse ndi mapepala ake, chifukwa zikasiyana palibe adzadziwe kuti zinali za yani. Musazikweche ndi phulusa kapena mchenga kuti ziwale, mufufuta zolembazo. Musapatse mwana kuti aziseweretsa. Ndipo munthu akabwera ndi ndalama kudzagula zakale, mubwezeni mwaulemu. Ndalamayo itha lisanathe sabata, pamene mendulo ikakwera ndege siidzabwereranso ku Tengani.

Tsopano za ku Zomba. Kumeneko kuli nkhokwe ya mapepala a dziko lino, National Archives of Malawi, imene inatsegulidwa mu 1947 ngati nthambi ya Central African Archives ya ku Salisbury. Musaope chitseko chake. Si ya azungu ndi maprofesa okha, ndi yanunso. Mulimo malipoti apachaka a ma DC, mabuku a maboma otchula mafumu ndi midzi yawo, makalata a msonkho, milandu, nkhani za thonje, mapu, zithunzi ndi nyuzipepala zakale. Inu amene muli ku koleji ku Zomba komweko, mumadutsa pafupi ndi mbiri ya kwanu tsiku ndi tsiku mukupita kumsika. Patukani tsiku limodzi, mufunse ndondomeko yowerengera. Pofufuza musalembe Nsanje yekha, chifukwa m'mafayilo akale boma limenelo ndi Port Herald kapena Lower Shire. Funaninso Ruo ndi West Shire. Kasisi mudzamupeza atalembedwa Ramakukan, Mlauli atalembedwa Mlauri, Makhuwira atalembedwa Makwira. Khalani odekha, poti kuona maso a nkhono n'kudekha. Inu a ku Blantyre, lowani ku Mandala House, kumene bungwe la Society of Malawi limasunga mabuku ndi zithunzi zakale. Mabuku amene magulu a keyala ankalembamo zochitika za tsiku ndi tsiku pankhondo, ambiri ali ku Kew, mu London, ndipo amene muli kunjako mukhoza kukawaona.

Koma musayese kuti ku Zomba kuli zonse. Mu 1919 moto unatentha maofesi a likulu la boma ku Zomba, ndipo mapepala ambiri a zaka zoyambirira za ulamuliro wa atsamunda anasanduka phulusa. Zaka zimenezo ndizo zimene Chiromo anali doko lalikulu la dziko lino, ndiponso zimene atengatenga ankagwidwa. Ngati moto unalowa m'nyumba ya boma yokhala ndi alonda, nanga bokosi la agogo anu likudalira chiyani?

Ngakhale mapepala amene anapulumuka, awerengeni ndi maso awiri. Wolemba anali mlendo wolamula, ndipo ankalembera bwana wake. Tengani chitsanzo cha nkhondo ya mitumbira. M'zaka za m'ma 1950 boma linakakamiza alimi a m'chigwa muno kulima mizere, ati poteteza nthaka. Makolo anakana. Ankati dothi la kuno ndi lathyathyathya ndi lotentha, ndipo mtumbira umauma msanga n'kuotcha mbewu. Okana ankalipitsidwa, ena kumangidwa. Mfumu Molin Tengani inaima mbali ya boma, pamene anthu ambiri anatsamira kukachisi wa Mbona ku Khulubvi, akuti Mbonayo sakufuna mitumbira. Lipoti la boma limaona nkhaniyi ndi diso la wolamula: angati alipitsidwa, angati amangidwa, minda ingati yalimidwa mizere. Silikuuzani mmene amayi ankaimbira potukwana akapitawo a malimidwe, kapena amene anagulitsa mbuzi yake yomaliza kuti akaombole m'bale wake. Zimenezo zili ndi agogo amene panthawiyo anali ana ogwira ntchito m'magulu a nomi, ndipo ena akadalipo. Tengani zimene mwawerenga ku Zomba mukawawerengere. Mudzaona akudzuka pamphasa kuti akonze pamene mzungu analakwitsa. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto.

Pali nkhondo ina imene ndikufuna muigwire ndi manja awiri, chifukwa mboni zake zikuyendabe ndi miyendo yawo. Ndikunena ya Frelimo ndi Renamo. Kuyambira 1986 anthu anakhamukira kuno kuchokera ku Mutarara, ku Morrumbala ndi ku Caia, ena pabwato usiku, ena wapansi, ena atavala masaka. Chaka chomwecho mlatho wa Dona Ana unaphulitsidwa, ndipo sitima ya ku Beira inali italeka kale kuyenda. Kunamangidwa misasa ku Mankhokwe ndi ku Nyamithuthu m'boma la Nsanje, ndi ku Kunyinda m'boma la Chikwawa. Dziko lonse la Malawi linasunga othawa nkhondo oposa 1,000,000, ndipo ku Nsanje alendo anachuluka kuposa eni mudzi. Mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anthu n'kuyamba kubwerera. Mabungwe a United Nations ali nacho chiwerengero cha matumba a ufa ndi zigubu za mafuta zimene zinagawidwa. Koma ndani analemba dzina la mayi wa ku Ndamera amene anagoneka mabanja atatu m'khitchini mwake msasa usanamangidwe? Ndani analemba nyakwawa zimene zinapereka minda ndi malo a manda? Ana amene anafa ndi kolera m'misasa anaikidwa pati? Mitengo ya m'mapiri a kwathu inathera kuti? Mayi anu akudziwa. Bambo anu akudziwa. Ena mwa inu munabadwa kuchokera m'maukwati a nthawi imeneyo, ndipo muli ndi abale ku Nhamayabue amene simunawaonepo. Funsani lero. Ngati m'nyumba mwatsala khadi lolandirira chakudya kumsasa, lisungeni, ndi umboni.

Musaiwalenso asilikali athu amene kuyambira 1987 ankalondera njanji ya ku Nacala, ena osabwerako, ndi amene anapita ku Congo kukasungitsa mtendere. Opuma ntchito ali nanu m'mipingo ndi m'misika. Mumawapatsa moni n'kudutsa. Khalani nawo pansi.

Mdani wamkulu wa mapepala athu mukumudziwa, ndi madzi. Mu 1997 anadula njanji pakati pa Bangula ndi Makhanga. Mu Januwale 2015 anamiza midzi ya kwa Mlolo ndi madera ena. Kenaka kunabwera anamondwe: Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023. Madzi akafika pakati pa usiku munthu amanyamula mwana ndi nkhalamba, ndipo amachita bwino. Bokosi limatsala. Choncho ntchito yopulumutsa mapepala ndi ya m'chilimwe, kukadali kouma. Kusiya mapepala pansi m'chigwa muno kuli ngati kuyanika mapira pabwalo nkhuku zili pomwepo n'kupita kudimba. Jambulani pepala lililonse ndi foni, kumaso ndi kumbuyo, masana pamthunzi, nambala zizioneka bwino. Tumizani zithunzizo kwa m'bale wa ku Blantyre, wa ku Lilongwe ndi wa ku Joni, chifukwa foni imabedwa, imagwera m'madzi, imafa. Pachithunzi chilichonse lembani kuti ndi cha yani, wa mudzi uti, mfumu yake ndani. Mapepala enieniwo akulungeni m'pulasitiki youma, muwaike m'ndowa yokhala ndi chivundikiro cholimba, muipachike kudenga. Muziitsegula nthawi ndi nthawi, poti chinyezi, chiswe ndi njenjete sizigona. Pepala long'ambika musalimate ndi selotepi, pakapita zaka imadya zilembo. Likanyowa musalikanganule mwamphamvu, ndipo musaliyanike padzuwa la kwathuli. Liumitseni pamthunzi pang'onopang'ono. Ndipo inu anyamata, musapichirire fodya pepala limene simunaliwerenge. Inu atsikana, musakulungire mandasi kapena makakana kope lakale la agogo. Madzi akatayika saoleka.

Midzi ina yasamukira kumtunda, ndipo ina idzasamuka. Kusamuka n'kwabwino pamene moyo uli pachiswe. Koma musanachoke, yendani ndi akulu mujambule mudzi wakalewo papepala. Onetsani pamene pali manda ndi amene anagonapo, mlambe wa malire, chitsime, bwalo la milandu, ndi maina a madimba. Mchenga wa Ruo ukakwirira malo, pakatha zaka khumi ngakhale wobadwira pomwepo amasochera. Milandu ya malo ndi ya ufumu imene ikudanitsa abale masiku ano, yambiri ikanatha msanga pakanakhala kope lolembedwa akulu onse akadali moyo, akumva ndi kuvomereza.

Mbiri ya mudzi simangokhala m'mapepala a nkhondo. Pitani kutchalitchi mupemphe kuona kaundula wa ubatizo ndi wa maukwati. Mishoni zakale monga Lulwe ndi Chididi, ndi maparishi a Chikatolika a m'chigwa muno, zinkalemba dzina la mwana, la bambo, la mayi ndi mudzi, pamene boma linkangofuna kudziwa amene sanakhome msonkho. Ngati bukulo likuthothoka, dziperekeni kulikopera, abusa kapena abambo mfumu akalola. Kusukulu yanu ya pulayimale funsani buku limene aphunzitsi aakulu ankalembamo zochitika, mudzapezamo zaka za njala, za dzombe ndi za madzi. Kwa nyakwawa kuli buku la mudzi. M'nyumba muli ziphaso za msonkho, matikiti ogulitsira thonje, ndi mapepala a amene anapita kumigodi ndi Wenela, ulendo umene Kamuzu anauletsa ndege itagwa ku Francistown mu 1974, kenaka n'kudzayambiranso ndi Teba. Mwaona nokha mmene madoda amene anagwira ntchito kumigodi, ndi amayi amasiye, avutikira kulondola ndalama zawo chifukwa chosowa nambala ya kuntchito. Pepala limene lero mukuliyesa chinyalala, mawa likhoza kudyetsa mayi anu.

Kufunsa nakonso kuli ndi mwambo wake. Musafike ndi foni m'manja ngati wapolisi. Perekani moni, khalani pansi, thandizani kutongola chimanga kapena kusoka ukonde. Nenani chimene mwadzera, ndipo pemphani musanajambule mawu. Musafunse za chaka, chifukwa agogo ambiri sawerenga zaka ndi manambala. Funsani kuti zinachitika njala ya 1949 isanafike kapena itapita, mlatho wa Chiromo ulipo kapena utagwa, fakitale ya shuga ya ku Nchalo itamangidwa kapena isanamangidwe. Chakacho mudzachipeza nokha. Musadule mawu. Nkhalamba ikakhota, ilekeni ikhote, nthawi zambiri chimene mukufuna chili kokhotako. Ikayamba nyimbo, ya likhuba, ya utse kapena ya ulimba, jambulani yonse, chifukwa nyimbo zimasunga maina a anthu ndi a malo amene pakamwa pawamba panaiwala. Lembani m'chilankhulo chimene alankhulacho, Chisena chikhale Chisena, Chimang'anja chikhale Chimang'anja. Pamwamba pa tsamba lembani dzina la wolankhula, mudzi ndi tsiku. Mukamaliza kawawerengereni, akonze.

Ndipo musathamangire kwa amuna okha. Amuna atapita ku Burma ndi ku Joni, anatsala ndi mudzi ndi amayi. Iwo ndiwo anakhoma msonkho, anakumba nyika m'dambo la Ndindi nthawi ya njala, anaika maliro, analera ana a anthu ena. M'mafayilo a boma simudzawamva mawu awo. Inu atsikana, ntchito iyi ikukuyenerani kwambiri, chifukwa pali zina zimene gogo wamkazi sangauze mdzukulu wamwamuna.

Pali zowawa zimene munthu safuna kuzikumbuka. Wina anaona abale ake akuphedwa pamaso pake tsidya lija. Akakhala chete, musamukakamize. Akakuuzani n'kunena kuti zisatuluke, zisatuluke, ndipo musaziike pa Facebook. Ku Khulubvi nako kuli malamulo ake. Mverani osunga kachisi, vulani zimene akuuzani kuvula, ndipo chimene akana kuti chijambulidwe chisiyeni. Malo amenewo analowa mu 2011 pamndandanda woyembekezera wa UNESCO, koma kwa eni ake ndi kachisi, si malo ongoonerera.

Mukamafufuza mudzapeza zina zosakoma. Mudzapeza kuti kholo lina linagulidwa, lina linagula anthu, lina linali mesenjala wogwira anzake utengatenga. Lembani zoona. Musakometsere nyumba yanu, ndiponso musatenge zimene mwapeza kukanyozera banja la mnzanu kapena kudzutsira chidani pakati pa Amang'anja, Amagololo ndi Asena. Tinakwatirana kalekale, ndipo madzi akabwera amatipeza pamsasa umodzi.

Musanene kuti ntchito imeneyi ndi ya anthu ophunzira kwambiri. Melvin Page anachokera ku America, ndipo m'zaka za m'ma 1970, mothandizidwa ndi ophunzira a Yunivesite ya Malawi, anafunsa asilikali ndi atengatenga okalamba n'kulemba buku la The Chiwaya War. Akanachedwa zaka khumi akanapeza ambiri ali kumanda. Bambo Matthew Schoffeleers, wansembe wochokera ku Holland, anakhala zaka zambiri akumvetsera nkhani za Mbona, ndipo buku lake la River of Blood linatuluka mu 1992. Mmalawi mnzathu Elias Mandala anaphatikiza mafayilo a ku Zomba ndi mawu a nkhalamba za m'chigwa muno polemba mbiri ya chigwachi kuyambira 1859 mpaka 1960, m'buku limene linatuluka mu 1990. Onsewa chida chawo chachikulu chinali kukhala pansi ndi kumvetsera. Inu muli nazo zimene Page ndi Schoffeleers anachita kuvutikira: chilankhulo ndi chanu, agogowo ndi anu, ndipo makina ojambulira mawu ali m'thumba mwanu.

Mutu umodzi susenza denga. Gwirizanani anayi kapena asanu, a m'kalasi imodzi, a kwaya imodzi kapena a timu imodzi ya mpira. Gawanani midzi. Gulani makope awiri achikuto cholimba, limodzi likhale kwa nyakwawa, lina kusukulu kapena kutchalitchi chimene chili pamtunda. Aphunzitsi a mbiri, atumeni anawa akafunse kwawo pa tchuthi, muwapatse malikisi. Mafumu, atsegulireni mabuku. Ndipo inu ana anga, musadikire bungwe lobwera ndi galimoto ndi ndalama ya chakudya. Mitambo isanayambe kusonkhana kumapiri a Thyolo chaka chino, pitani kwa munthu wamkulu kuposa onse m'mudzi mwanu, mumufunse dzina la bambo ake ndi la mayi ake, mulembe.